Saladi ya Maliro a Bambo Kapambwe

Ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, mukafunsa achikulire za Bambo Kapambwe, sayamba ndi maulaliki awo ayi. Amayamba ndi kuseka, kenako amakuuzani kuti mukafunse a Mainess Jere, amake Fabian, poti ndiwo anali mbuya wawo.

Kwa amene simukudziwa, chimbuya ndi chibale cha chipongwe chimene chilipo pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa. Akuti makolo awo analasana ndi mikondo kalekale, ndipo atatopa anagwirizana kuti nkhondo yotsalayo azimenya ndi pakamwa. Mubemba atha kunyoza Mngoni kapena Mchewa anthu akumva, winayo n'kubweza, wokwiya osaoneka. Wakwiya ndiye wagonja. Koma ntchito yeniyeni ya chimbuya imaoneka pamaliro, pomwe ambuya amaphika, kutunga madzi ndi kuseketsa anamfedwa kuti chisoni chingawaphe nawonso.

Bambo Kapambwe anali Mubemba wa ku Kasama, wamtali, wa mpata kumano, ndipo anawatumiza ku parishi yodzaza ndi anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Kunali ngati kuponya tambala wachilendo m'khola la eni ake. Lamulungu loyamba Akhristu anabwera ndi mphatso zowalandirira, uyu nkhuku, uyu mazira, wina kamtolo ka nzimbe. Pamapeto penipeni panabwera a Mainess akuvina pang'onopang'ono, atasenza mkoko wa nthochi. Anagwada bwinobwino ngati munthu waulemu, n'kulankhula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Izi si zanu, ba Faza. Ni za bapusi banu bamene munasiya ku Kasama. Muzibadyesa banenepe mukalibe kubadya."

Akatekisiti, a Josiah, munthu wositira ndi kampango kopukutira thukuta komwe, analakalaka nthaka itang'ambika. Wansembe watsopanoyo anayang'ana nthochi zija, n'kuyang'ana mayiyo.

"Natotela mukwai," anathokoza m'Chibemba. "Nenze kudabwa kuti tchalitchi ikulu so, ilibe mbeba olo imozi. Manje naziba. Bakhristu banadya zonse."

Anthu anaseka mpaka ana amene anali kumsana anadzuka. Kuyambira tsiku limenelo, a Mainess ndi Bambo Kapambwe sanakumanepo n'kusiyana osalasana, ndipo parishi yonse inkadikira kuti lero agwe ndani.

Kenako zinafika zaka zija zimene kwacha inasanduka pepala wamba. A Nason, amuna awo a Mainess, anawachotsa ntchito ku fakitale pamodzi ndi anzawo ambiri. M'mashopu munatsala mashelefu okhaokha. Ufa wa pa mzere, sopo wa pa mzere, shuga wongomva mbiri yake. Mafuta ophikira, amene ku Lusaka timati saladi, anasowa ngati mano a nkhuku, ndipo a Mainess, amene ankadziwika ndi zitumbuwa pamsika, anapachika chiwaya n'kuyamba kuika tomato ndi kapenta m'timilu. Anthu ankaima pa mzere nkhope zili gwaa, aliyense akuona mnzake ngati mdani. Ndiye pankatulukira Bambo Kapambwe pa njinga yawo yolira ngati ikudandaula.

"Amake Fabian, imwe muchita chani pa layini? Nyama yanu ili mahala mu ngalande umu!"

"Bazimai, gwilani vikwama!" a Mainess ankakuwa. "Mubemba wafika!"

Mzere wonse unkaphulika ndi phwete. Ufa sunkachuluka chifukwa cha kusekako, koma miyendo inkayamba kupepuka, ndipo amene amafuna kumenyana ankaiwala chimene amakanganira.

Chimbuya chawo chinazama chaka chimene Ketty, mwana wamkazi wa a Mainess, anamwalira ndi malungo. Mayiyo anangokhala pakona ya nyumba, osadya, osalankhula, maso ali pakhoma. Atabwerako kumanda, Bambo Kapambwe anavula mkanjo, anapinda thalauzi, natunga madzi pamodzi ndi azimayi. Kenako anakhala pansi pafupi ndi namfedwayo, n'kukoka mbale ya chakudya imene aliyense analephera kuwadyetsa.

"Ngati simudya, nizadya ndine," anatero. "Nikasiliza nizaenda nayo na mbale. Muniziba."

A Mainess sanadziwe kuti dzanja lawo linatuluka bwanji. Anangoona alanda mbale ija, akuseka uku misozi ili chuchuchu. Anadya tsiku limenelo, ndipo sanaiwale.

Nchifukwa chake pamene Bambo Kapambwe anayamba kuonda, a Mainess ndiwo anali oyamba kuona, ngakhale anali omaliza kuvomereza. Kolala yoyera ija inayamba kulendewera m'khosi. Njinga inasiya kumveka m'komboni. Anapita nawo kuchipatala, madokotala anatsegula m'mimba n'kutsekanso osachotsa kanthu, ndipo anawabweza kunyumba ya ansembe ndi timabotolo ta mankhwala opha ululu. Panalibe amene anafunsa tanthauzo lake. Aliyense anadziwa.

A Josiah anadziika okha kukhala mlonda wa pakhomo. Anali munthu wabwino, ndipo ankawakonda abambowo kuposa mmene nkhope yawo youmayo inkasonyezera, koma chikondi chawo chinali cha malamulo. Olowa azilowa ochepa. Azigwada. Azilankhula chapansipansi. Mawu oti imfa asamveke ngakhale pakhonde. Aliyense azinena kuti mudzachira, apemphere, atuluke. Ataona a Mainess akubwera ndi azimayi anzawo, anawakokera pambali n'kuwachonderera.

"Amake Fabian, napapata. Pakamwa panu paja mupasiye pa geti. Muntu adwala maningi."

A Mainess sanatsutse, ndipo kunena zoona anamva ngati awatula katundu, chifukwa iwonso anali ndi mantha. Atalowa m'chipindamo mtima unawasweka. Chimunthu chija chinatha, panatsala mafupa ndi maso. Koma masowo atangowaona anawala, ndipo mpata wa kumano uja unaonekera.

"Ba Josiah," anatero wodwalayo ndi mawu osasa, "mwamusecha uyu? Angangene na mbeba mu chitenge."

Imeneyo inali nyambo, ndipo aliyense m'chipindamo anadziwa. A Mainess anamva yankho likubwera lokha pa lilime, koma analimeza. Anagwada pansi, anawomba m'manja mwaulemu, maso ali pa simenti.

"Pepani, ba Faza. Mulungu ni mukulu. Muzapola."

Kuwala kuja kunazima pomwepo. Bambo Kapambwe anawayang'ana nthawi yaitali.

"Na imwe, amake Fabian?" anafunsa chapansipansi. Kenako anatembenukira kukhoma. "Zikomo pobwela."

A Josiah anawayamikira panja kuti achita bwino kwambiri. Koma a Mainess anabwerera kunyumba osasangalala. Anali atapereka ulemu wonse umene munthu angapereke kwa wansembe, komabe mumtima ankamva ngati amenya wodwala mbama.

Masiku amenewo azimayi a mumpingo anali atayamba kale kusonkha chakudya cha maliro mwakabisira, poopa kuti tsikulo lingawapeze manja ali m'khosi. Zonse ankabisa kunsi kwa bedi la a Ennie, mnzawo wa a Mainess: kathumba ka ufa, nyemba, mchere, kapenta. A Mainess anapereka chinthu chimene chinachititsa anzawo kugwira pakamwa, botolo lathunthu la saladi, losatsegula. Analipeza atakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anabwerako duku litang'ambika. Kunyumba kwawo ana ankadya ndiwo zongowiritsa, koma botololo sanalikhudze.

Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali botolo. Chinali funso lija. Ankati akamayala tomato, limveke. Akamasesa, limveke. Munthu uja akanatha kupita tsiku lililonse, ndipo mawu omaliza amene akanamva kwa mbuya wake akanakhala bodza laulemu. A Nason, amene ankalankhula kamodzikamodzi ngati mawu amagula, anawaona akuzungulirazungulira pabwalo ndipo anaika pansi nsapato imene ankasoka.

"Amake Fabian, muntu uja ali na madokota. Ali na masisitele. Bomupemphelela ni parishi yonse. Mbuya enze na umozi chabe, manje nayeve wasanduka sisitele."

"Manje nizanyoza bwanji muntu alikufa?" a Mainess anakalipa. "Muganiza ndine nyama?"

"Yeve sanakunyoze pamene wenze kufa na chisoni?"

A Mainess anawafulatira n'kulowa m'nyumba. Anawakwiyira amuna awo tsiku lonse, monga mmene timakwiyira munthu amene wanena zoona.

M'mawa mwake sanavale zoyera za kutchalitchi. Anavala chitenje chawo chapamsika chonunkha kapenta, anadzera kwa a Ennie, natulutsa botolo lija kunsi kwa bedi. A Ennie anafunsa kuti kodi zachitika, koma iwo anangoti akubwera. Akalakwitsa, parishi yonse idzawatcha mfiti yolodza wansembe, ndipo choopsa koposa, wodwalayo akanatha kupwetekedwa mtima. Pakhomo a Josiah anayamba kuwakumbutsa malamulo, koma a Mainess anangowalambalala ngati chitsa.

Sanagwade. Anakoka mpando, anakhala mwendo pamwamba pa unzake, n'kuika botolo pa tebulo la mankhwala kuti gu! Bambo Kapambwe anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ba Faza, nabwela kufunsa," anatero a Mainess. "Mufa liti?"

A Josiah, amene anawatsatira, anagwira chitseko kuti asagwe. A Mainess anaona kuti akaima pamenepo afa ndiwo, choncho anapitiriza.

"Saladi iyi nasungila malilo yanu. Bana banga badya ndiwo za manzi chabe, baipenya monga ni chithunzi cha Maria. Imwe muli phee, mugona chabe. Babemba, olo kufa mufuna mpaka bakupapatileni?"

Wodwalayo anayang'ana botolo. Anayang'ana mayiyo. Kenako bulangete linayamba kugwedezeka, ndipo a Josiah anathamanga poganiza kuti ndi kukomoka. Kunali kuseka. Kunayambira m'mimba yowawayo, kunakwera movutikira, mpaka kunatuluka ndi chifuwa ndi misozi.

"Imozi?" anatero atapeza mpweya. "Wansembe wa parishi yonse, botolo imozi? Ba kum'mawa, kuumila kwanu kulibe mankhwala!"

"Imozi yakwana. Muganiza kuzabwela bantu bangati? Bambili bazabwela kuona chabe ngati vintu vao vamene vinasoba vili mu nyumba muno."

"Ba Josiah, lembani uyu pa bantu bosalandila ukalistia."

"Lembani," anatero a Mainess, amene tsopano lilime linali litamasuka. Anayamba kumwaza maso m'chipindamo ngati munthu wosankha kaunjika. "Wailesi iyo ni yanga. Nsapato izo zizakwana ba Nason. Izi munaba kuti, kawalala imwe?"

"Ku Chipata. Mwine wake enze busy kukumba mbeba."

Anasekanso mpaka a Mainess anachita kuwagwiririra mutu ndi kuwamwetsa madzi. Atapuma, Bambo Kapambwe anagwira dzanja la mayiyo. Dzanjalo linali lopepuka ngati la mwana.

"Natotela, mbuya," anatero, tsopano osaseka. "Muziba, nalema. Aliyense angena muno aniuza ati muzapola, na ine nifunika kuvomela kuti beve bamvele bwino. Nakhala nisamalila bantu bobwela kunisamalila. Niziba kuti niyenda. Masiku yena niyopa, masiku yena siniyopa. Manje nenze nilibe wouza."

A Josiah anaweramitsa mutu. Sanali munthu woipa, ndipo mawuwo anawalasa.

"Ba Josiah, musazipase mulandu," anatero abambowo. "Koma segulani chiseko na mawindo. Bantu bangene na chongo chao. Bana ba mu komboni babwele. Nifuna kumvela Chawama, osati manda." Kenako anatembenukira ku botolo lija, diso likuwala ngati kale. "Na saladi iyo, hafu ni yanga. Bolila badye yonse, ine mwine wa malilo osalawako? Mu kicheni muli fulawo pang'ono. Nifuna vitumbuwa."

Madzulo a tsiku limenelo mbaula inayaka pansi pa windo la wodwala, ndipo chiwaya chimene chinapachikidwa kalekale chinaliranso. Fungo la zitumbuwa linafalikira mpaka kumsewu, anthu n'kumabwera okha ngati aitanidwa ndi belu. Bambo Kapambwe sakanatha kudya. Anangonyema kachidutswa, anakaika pa lilime, n'kunena kuti ku Kasama zoterezi amagendera agalu. A Mainess anayankha pa windo kuti ku Kasama agalu anatha kalekale, apusi atasowa. Ana anadzaza pakhonde milomo ili noninoni, a kwaya anayamba nyimbo, ndipo ngakhale a Josiah anaonedwa akutafuna kuseri kwa chitseko.

A Mainess anatsazika akuseka, anatuluka pa geti akuseka. Atangokhota pa ngodya pomwe sakanaonekanso, kuseka kuja kunatha. Anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, chiwaya pamiyendo, n'kulira ngati mwana. Mayi wina wodutsa anafunsa ngati abambo aja atisiya. Iwo anapukusa mutu, nati ayi, ali moyo, lero ndiye ali moyo zedi.

Kuyambira pamenepo ankapita tsiku lililonse akaweruka kumsika. Ankalirira kunjira, n'kupukuta m'maso pa geti, n'kulowa ndi chipongwe chatsopano chimene akhala akuchinola tsiku lonse pakati pa tomato. Masiku ena wodwalayo ankabweza. Masiku ena mphamvu zinkasowa, ndipo ankangokweza chala kusonyeza kuti ayankha mawa. Anthu ankalowa ndi kutuluka, ena kudzaulula machimo, ena kudzangokhala. Abambowo anatsazikana ndi aliyense pomutchula dzina, nauza a kwaya kuti pa maliro awo asakoke nyimbo ngati ng'ombe yotopa.

Tsiku lina m'mawa, a Mainess akuwaza madzi pa tomato, anaona a Josiah akubwera pakati pa mabenchi a msika, chipewa chili m'manja. Sanafunikire kuuzidwa. Anaika pansi kachitini ka madzi n'kudikira.

"Amake Fabian, ba Faza batisiya kuseni kuno. Baenda bwino, mwamutendele." A Josiah anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watumidwa kukaba. "Banasiya mau yanu. Banati nikambe ndendende mwamene banakambila, nikachinja olo kamozi bazanibwelela."

"Kambani."

Akatekisiti anaima chilili ngati akuwerenga kalata ya Paulo Woyera, nkhope ili gwaa, misozi ikutsikira m'masaya.

"Banati, uzani wakudya mbeba uja kuti nafulumila chifukwa cha saladi yake, isaonongeke. Ngati siizakwana, asanamizile Babemba, ni kuumila kwake. Banati futi, asalile pa bantu. Mbuya salila, aphika."

Azimayi a mabenchi oyandikana, amene anali atayamba kale kubuma, anapezeka akuseka ndi misozi yomwe. A Mainess nawonso anaseka, ndipo pomwepo yankho linafika pa lilime, lakuthwa, lokoma, loposa onse amene anawaponyerapo m'zaka zonsezo. Anatsegula pakamwa, anatembenukira kumene kuli nyumba ya ansembe, n'kuzindikira kuti kulibenso womuuza.

"Kawalala," anatero chapansipansi. "Wathaba nikalibe kumuyankha."

Yankholo sanauzepo munthu mpaka lero, ngakhale a Nason. Anamanga chitenje m'chiuno, anasiyira mnzawo tomato, n'kufunsa a Josiah kumene kuli nkhuni.